Kusamukira ku Lilongwe ndi ana aang'ono: dera musankhe bwanji

Eya, omvera athu, tabwereranso. Gawo lino ndi la inu makolo amene mwalandira kalata ya transifa, kapena geni yakukokerani ku Lilongwe, ndipo muli ndi ana aang'ono, wina wa kumsana, wina wa ku nazale, wina wangoyamba kumene Sitandade 1. Ambiri mumafunsa kuti dera labwino kulererako ana ndi liti, Area 25, Area 18, 49, Likuni kapena 36? Dzina la dera palokha silikuuzani kanthu. Area 25 yokhayo ili ndi masekita ambirimbiri, ndipo nyumba ziwiri zotalikirana mphindi khumi zimasiyana pa madzi, pa msewu ndi pa phokoso. Chimene mukusankha ndi kamsewu ndi puloti imene mwana wanu aziyendapo tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi sukulu, nyumba ibwere pambuyo. Pitani kwa ahedi mufunse ngati malo alipo m'kalasi ya mwana wanu, ndipo musathere mu ofesi. Pemphani muone kalasiyo ana ali mkati, muwerenge ndi maso kuti alimo angati, muone zimbudzi ndi posamba m'manja. Sukulu zina za boma m'tauni zimagawa ana, ena m'mawa, ena masana. Funsani zimenezo msanga, chifukwa mwana wolowa masana amafuna womusunga m'mawa wonse. Ngati ndi ya pulaiveti, funsani fizi ya teremu pamodzi ndi yunifolomu, mabuku ndi galimoto yonyamula ana, poti zowonjezerazi ndi zimene zimagwetsa bajeti.

Mukatero, yendani wapansi kuchoka pasukulu kukafika panyumba imene mwaiona, ndipo mukhale ndi mwanayo. Pamene munthu wamkulu amayenda mphindi khumi, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amatenga pafupifupi makumi awiri. Zikapitirira pamenepo, ndi kutali. Onani zimene akuwoloka. Ngati njira ikudutsa msewu wa M1, kapena msewu uliwonse wa maminibasi umene ulibe mahampu ndi powolokera, nyumbayo isiyeni, ingakhale ya matailosi. Ngati pali kamlatho ka matabwa pa ngalande, funsani kuti mu Januwale pamakhala bwanji. Kabaza wa njinga yamoto musamuwerengere ngati yankho la tsiku lililonse: ana atatu panjinga imodzi, opanda chipewa, m'msewu woterera, ndi kumene ngozi zimachokera.

Tsopano madzi, ndipo pano tikhalitsa. Ejenti akakuuzani kuti madzi alipo, akutanthauza kuti mpopi ulipo. Tsegulani mpopiwo nokha, tcherani ndowa ya malita 20, muone nthawi. Ikadzaza m'mphindi ziwiri kapena zitatu, mphamvu ilipo. Ikamangodontha, ndiye kuti matewera muzichapa usiku. Kenako tulukani pageti, mupeze mayi amene akuchapa kapena wogulitsa tomato pafupi, mumufunse kuti, amayi, kuno madzi amasiya kangati pa sabata, amabwera nthawi yanji? Amene amatunga ndi amene amadziwa. Mukaona migolo ndi zigubu zandandalika pakhonde lililonse, yankho mwalipeza kale. Nyumba za pamtunda ndi za kumapeto kwa paipi ndi zimene zimayamba kuuma mu Okutobala ndi Novembala.

Funsaninso za mita. Kodi ya Lilongwe Water Board ndi ya ESCOM ndi zanuzanu, kapena mugawana ndi a kuboyizikota? Mita yogawana imabweretsa mikangano, ndipo banja la ana aang'ono ndi limene limalozedwa chala kuti likutha madzi. Onetsetsaninso kuti amene akutuluka sanasiye ngongole, zilembedwe landilodi ali pomwepo.

Ngati pali chitsime, yezani mapazi kuchoka pachitsime kukafika pachimbudzi chokumba, chanu ndi cha aneba chomwe. Pamafunika mamita 30, ndiwo mapazi aakulu pafupifupi makumi anayi, ndipo chitsime chikhale kumtunda. M'mapuloti othinana zimenezi sizitheka kawirikawiri, ndipo mvula ikagwa zonyansa zimalowa m'madzi. Mukumbukire kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Chitsimecho chikhalenso ndi chivindikiro cholemera chimene mwana sangasunthe. Chimodzimodzi mgolo wa malita 200, ndowa, beseni: mwana wokwawa amamira m'madzi ochepa kwambiri, ndipo sakuwa.

Za mvula. Ambiri amasamuka mu Ogasiti pokonzekera chaka cha sukulu cha Seputembala, nthawi imene kulikonse ndi kouma. Ndiye muyenera kufufuza zizindikiro. Yang'anani khoma kunja, cha m'munsi. Mzere wakuda kapena wobiriwira, pulasitala wosupuka, matumba a mchenga pakhomo, kapena kakhoma ka njerwa ziwiri kotchinga pachitseko, zonsezo zikunena kuti madzi amalowa. Mkati, kwezani maso kusiling'i muone madontho, tsegulani wodiropu mununkhize. Fungo la chinyezi ndi chifuwa cha mwana chosatha. Nyumba za m'mbali mwa Lingadzi ndi mtsinje wa Lilongwe zimaoneka zotchipa, koma mu 2017 madzi a Lingadzi analowa m'nyumba za anthu ku Mtandire. Pafupi ndi dambo, kapena maenje amene anthu anaumbamo njerwa, pamakhala udzudzu wambiri, ndipo maenjewo akadzaza madzi ana amakasewerako.

Chipatala chiwerengereni pa ulendo wa usiku, poti mwana thupi limatentha pakati pa usiku. Kumpoto kuli zipatala za Area 25 ndi Area 18, chakummwera kuli Kawale ndi Bwaila, ku Likuni kuli cha mishoni chimene ndi cholipira. Kamuzu Central ndi kotumizidwa, si koyambira. Dziwani kuti sikelo ya ana imachitika tsiku liti, ndipo buku la kuchipatala la mwana likhale m'chikwama cha m'manja posamuka, osati pansi pa katoni, kuti katemera asadukize. Funsani ngati galimoto imafika pageti nthawi ya dzinja. Madalaivala ena amakana kulowa m'timisewu ta matope kukada.

Nyumba musaione kamodzi. Pitani m'mawa wa tsiku la ntchito cha m'ma 6 koloko, muone mzere wa pasiteji. Pitaninso Lachisanu cha m'ma 9 usiku. Apo ndi pamene mudzadziwe kuti kuseri kwa mpanda kuli bala kapena shabini, kuti kamsewu kali ndi mdima wotani, ndiponso ngati a chitetezo cha m'dera amayendadi kapena amangotolera ndalama. Madzulo a Loweruka onani ngati ana akusewera panja makolo ali phee. Kumeneko ndi kumene anthu amadziwana, ndipo tsiku limene mwachedwa kuntchito padzapezeka wokulandirirani mwana.

Papuloti penipeni, gwedezani geti muone ngati likutsekeka ndipo silingagwe. Mpanda wa njerwa zomangira dothi umene wapendekeka umagwa mvula ikalimba, ndipo ana amakonda kusewera m'munsi mwake. Pondani pa chivindikiro cha sepitiki, chikhale cha konkire yosang'ambika. Chimbudzi chokumba, bowo lake likhale laling'ono. Masoketi osweka ndi mawaya olendewera akonzedwe musanalowe, chifukwa mukalowa kale landilodi sathamanganso. Ngati pali agalu a eni puloti, funsani ngati anabayidwa katemera wa chiwewe. M'nyumba za mdadada onani pamene anthu amaika mbaula, poti khonde limodzi la mabanja asanu, mapoto a madzi otentha ali pansi, si malo a mwana wongoyamba kuyenda.

Pa ndalama, lendi musaiwerengere payokha. Tengani mtengo wa minibasi kupita ndi kubwera, muchulukitse ndi masiku 22, muphatikize pa lendi. Wogwira ntchito ku Kanengo akakhala ku Area 36 amadutsa tauni yonse, maminibasi awiri, kunyamuka ana asanadzuke, kufika atagona. Yemweyo akakhala ku 25 kapena 49, lendi ingakwereko, amatsala ndi ndalama ndi nthawi. Malandilodi ambiri amafuna ya miyezi itatu poyamba, ejenti naye amafuna yake. Musatumize ndalama pafoni kwa munthu amene wangokuonetsani zithunzi pa Facebook. Kumanani ndi mwini nyumba pamalopo, aneba atsimikize kuti ndi iyeyo, musainirane pepala lonena lendi, tsiku lolipira, wokonza zowonongeka, ndi notisi ya miyezi ingati. Mulembemonso kuti muli ndi ana angati, chifukwa alipo amene amavomera lero, mawa n'kumadandaula za phokoso. Ngati n'kotheka pemphani kuti notisi isagwe pakati pa teremu.

Pomaliza pa gawo lino, mukangolowa, kadziwonetseni kwa amfumu a m'deralo kapena abulokulida sabata yoyamba, mutenge nambala zawo ndi za polisi ya pafupi. Tikabwera kopuma tiyankha mafunso amene mwatumiza okhudza nazale.