Kujambula ukwati m'holo ya mdima: lekani kuopa ISO

Moni nonse okonda kujambula. Chithunzi chili pa sikirinichi anatitumizira mmodzi wa inu, ndipo anachijambula m'holo nthawi ya perekaniperekani, dzuwa litalowa kale. Taonani bwino: keke yaoneka, mipando yaoneka, koma nkhope ya mkwatibwi amene akuvina pakatipo ndi yachimbuuzi, ndipo manja a anthu oponya ndalama angosanduka mizere. Manambala ake ndi awa: f/5.6 (kukula kwa bowo la lenzi lolowetsa kuwala; nambala ikakula, bowolo limachepa), shutter 1/15 (nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa, apa gawo limodzi mwa magawo 15 a sekondi), ISO 400 (mlingo wa mmene kamera imawalitsira chithunzi). Tiyeni tione zinthu zisanu zofunika kusamala.

Choyamba ndi lenzi. Ija yobwera ndi kamera, ya 18-55mm, mukaikoka mpaka kumapeto imathera pa f/5.6, pamene ya 50mm f/1.8, yomwe ili m'gulu la malenzi otsika mtengo, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10.

Chachiwiri ndi shutter. Anthu oima musawajambule ndi shutter yochedwa kuposa 1/125, ndipo ovina amafuna 1/250.

Chachitatu ndicho chandikhazika pano lero. Pali bodza limene ojambula ongoyamba kumene amapatsirana, lakuti ISO isapitirire 400 kapena 800 chifukwa chithunzi chimawonongeka. Ndikalimva, kunena zoona, mtima umandiwawa, popeza lawonongetsa zithunzi za maukwati ambiri kuposa mdima weniweniwo. Inde, pa ISO yokwera timaona timadontho, chithunzi n'kukhala ngati chawazidwa mchenga, koma gwero la timadonthoto ndi kuchepa kwa kuwala kofika mu kamera. Mukaumirira ISO yotsika, pamachitika zinthu ziwiri: kaya shutter ichedwa n'kubala chimbuuzi chimene taona chija, kaya chithunzi chida, ndipo pochiwalitsa pa kompyuta timadontho timene mumathawa tija titulukabe, mwinanso moposerapo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuti mnzathuyu achoke pa 1/15 kufika pa 1/250 ndi lenzi yomweyo, anafunika ISO 6400. Akanakhala ndi 50mm ija pa f/2, ISO 800 ikanakwana. Kodi 6400 ndi yoopsa? Timadontho timachepetsedwa, makamaka ngati mwajambula mu RAW (mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yajambula zisanakonzedwe), ndipo kuyambira 2023 pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom ili ndi chida chotchedwa Denoise chogwira ntchito imeneyi bwino kwambiri. Koma nkhope ya mkwatibwi ikasokonekera chifukwa cha kuyenda, kuibweza n'kovuta zedi, ndipo simungauze ankhoswe kuti mwambo ubwerezedwe. Komanso zithunzi zambiri za ukwati zimaonedwa pa foni, zitadutsa pa WhatsApp, pamene timadonthoto sitioneka n'komwe. Ndiuzeni m'makomenti ISO imene mumaopa kupitirira, ndipo ngati simunatero, dinani subscribe.

Chachinayi: diresi loyera limanamiza kamera. Ikaona kuyera kochuluka imachepetsa kuwala, ndiye nkhope za khungu lakuda zimamira mu mdima. Onjezerani pang'ono exposure compensation (chizindikiro cha +/- chowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi), muyang'ane nkhope, kenako mutsimikize kuti maluwa a pa diresi sanafufutike.

Chachisanu ndi flash. Mukailoza kumaso, mphumi zimanyezimira ndipo kumbuyo kumada bii. Ilozeni kudenga loyera kuti kuwala kubwerere mofewa. Koma m'maholo a denga la malata lalitali, kapena okutidwa ndi nsalu zofiirira ndi zapepo, njirayi siithandiza, chifukwa kuwala kumatayika kapena kumabwera ndi mtundu wa nsaluyo. Pamenepo mangirirani kapepala koyera kuseri kwa flash yoloza m'mwamba. M'tchalitchi yambani mwapempha chilolezo kwa abusa kapena ansembe, pakuti ena salola flash nthawi ya malumbiro.

Amene mukufuna kuti tiunike zithunzi zanu, titumizireni pamodzi ndi manambala ake. Vidiyo yotsatira idzakhala ya mitundu ya kuwala, makamaka magetsi a DJ amene amasandutsa mkwati kukhala wobiriwira.