Makalata a Omvera: Za Shania Twain

Thumba la makalata latsegulidwa, ndipo sabata ino atatu akufunsa za munthu mmodzi. Tingomutsata ameneyo.

Yoyamba yachokera ku Ndirande, kwa mayi osoka zovala pamsika. Akuti: "Achimwene, tiweruzeni. Bambo a kunyumba akuti Shania Twain ndi wa ku America poti amaimba country. Ine ndikuti ndi wa ku Canada. Takangana mpaka nsima kuzizira."

Mayi, mlandu mwawina, koma bambowo musawaseke kwambiri, chifukwa dzina lake linamvekera ku Nashville, ku America. Iye anabadwira ku Windsor m'chigawo cha Ontario ku Canada pa 28 August 1965, ndipo dzina lake loyamba ndi Eilleen. Anakulira ku Timmins, tauni ya migodi yozizira koopsa, m'banja losowa. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha ankaimba kale m'mabala usiku kuti pakhomo papezeke kangachepe. Mu 1987 mayi ake ndi bambo omulera, Jerry Twain, anamwalira pangozi ya galimoto. Mtsikana wa zaka 22 anasanduka mayi wa abale ake aang'ono, n'kumawadyetsa ndi ndalama zoimba pa hotela ya Deerhurst ku Huntsville. Ambiri a inu mukudziwa kulemera kwa katundu wotere, sindichita kukuuzani.

Yachiwiri ndi ya bambo a ku Chipata, ndipo iwo sanabwere ndi zosekera: "Akazi okongola ngati awa amangopatsidwa nyimbo. Analembapo yakeyake?"

Apa bambo ndikutsutsani poyera. Chimbale chake choyamba cha 1993 n'chimene chinadzaza nyimbo za anthu ena, ndipo sichinapite patali. Zinthu zinatembenuka atayamba kulemba yekha mothandizana ndi Robert "Mutt" Lange, katswiri wojambula nyimbo yemwe anakwatirana naye chaka chomwecho. Mudabwa kumva kuti Lange anabadwira kwanu konko ku Zambia, ku Mufulira, mu 1948. Awiriwa analemba nyimbo za m'zimbale ziwiri, The Woman in Me ya 1995, kenako Come On Over ya 1997, yomwe inagulidwa makope oposa 40 miliyoni. You're Still the One, imene imavinidwa pa maukwati ambiri kuno, ndi ya m'chimbale chimenecho. Mphoto za Grammy ali nazo zisanu. Ukwati wake ndi Lange unatha, anapatukana mu 2008, ndipo chimbale cha Now cha 2017 nyimbo zake zonse analemba yekha, popanda Lange pambali. Ndiye zoti amangopatsidwa, ayi ndithu.

Yachitatu ndi yaifupi, ya mtsikana wa sukulu ku Mzuzu: "Ankolo, n'chifukwa chiyani anasowa nthawi yaitali?"

Mwanawe, kanali kachirombo kakang'ono, nkhupakupa. Inamuluma, n'kudwala matenda otchedwa Lyme, omwe anamuwonongera mitsempha yoyendetsa mawu. Kuchokera pa Up! ya 2002 panadutsa zaka 15 asanatulutse chimbale china cha nyimbo zatsopano, ngakhale mu 2012 anayambanso kuimba pamaso pa anthu ku Las Vegas. Pambuyo pake anachitidwa opaleshoni yapakhosi. Mawu ake lero ndi okhuthala, osasalala ngati kale, ndipo ine ndimawakonda choncho.

Mayi a ku Ndirande, tenthetsani nsima ija, itanani bambo akhale pafupi ndi wailesi. Nayi You're Still the One.