Mwana akasowa mawu onenera chisoni chake, mpatseni pepala ndi chekeni

A gulupu, mafumu athu, atsogoleri a mipingo, alezi a pasukulu yathu ya mkombaphala, azibambo ndi azimayi nonse, zikomo pondipatsa mpata woti tikambirane za ana athu amene ali ndi chisoni.

Tonse tikukumbukira mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri kuno ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, n'kutenga miyoyo ya anthu oposa 1,000. Akuluakulufe tinalira, tinagona pasiwa, tinapepesana. Koma ana tinawathamangitsira kuseri kwa nyumba, ndipo ena tinawauza kuti amayi awo apita kuulendo. Tinachita zimenezi powamvera chisoni, koma mwana wouzidwa choncho amakhalira kuyang'ana kunjira.

Chisoni cha mwana sichituluka ngati cha munthu wamkulu. Wina amayambiranso kukodza pamphasa ngakhale anasiya kalekale, wina amakana nsima, wina amadzidzimuka usiku mvula ikayamba kugunda pamalata, ndipo wina amasanduka wandewu moti timafulumira kuthyola mkwapulo, tikuti wapulupudza. Mawu oti "ndawasowa agogo" kapena "ndikuopa kuti nanunso mufa" ndi olemera kwa mwana wa zaka 5 kapena 6, koma dzanja lake limatha kunena zimene pakamwa pakulephera.

Tsiku lina ndinakhala pamkeka ndi mtsikana wina wamng'ono amene anali atangokhala duu kwa masabata angapo. Ndinangomuyikira pepala ndi chekeni, osamuuza choti ajambule. Anajambula nyumba ndi anthu anayi, kenaka anatenga chekeni chofiirira n'kuyamba kuchekenira pamwamba pa nyumbayo, akudinikiza mpaka pepala linabooka. Nditamupempha kuti andiuzeko za chithunzi chakecho, anati, "Awa ndi matope, ndipo achimwene ali m'katimu." Aka kanali koyamba kutchula achimwene ake chichitikireni ngoziyo.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti ntchito yanu si kumasulira chithunzi ayi. Musanene kuti popeza wachekenira ndi chakuda ndiye kuti mtima wake wada, chifukwa mwina chekeni chimene chinatsala m'chitini n'chomwecho. Musamukonze kuti munthu sakhala wobiriwira, ndiponso musamuyerekeze ndi mnzake amene wajambula mwaluso, pakuti si mayeso. Khalani naye pansi, mumufunse mofatsa kuti, "Uyu ndani, nanga akumva bwanji?" ndipo akayankha, mubwereze mawu akewo kuti adziwe kuti mwamumva. Mukatero mungamuthandize kupeza dzina la zimene akumva: ichi ndi chisoni, awa ndi mantha, uwu ndi mkwiyo. Akalira, musamutontholetse ndi mawu aja oti mwamuna salira. Akafunsa ngati malemu adzabwerenso, muuzeni zoona m'mawu ofewa, kuti anamwalira ndipo sadzabwerera kunyumba kuno, komanso kuti iye sanalakwe kanthu, chifukwa ana ambiri amadziimba mlandu mwakachetechete, poganiza kuti imfayo inabwera chifukwa cha kusamvera kwawo.

Ndaona amayi ena akupukusa mutu, ndipo ndikudziwa kuti akuganiza za mtengo wa chekeni. Makala a pamoto amalemba bwino pakatoni, dothi la katondo losungunula m'madzi limapereka mtundu wofiira, masamba a maungu ofinya amapereka wobiriwira, ndipo pabwalo poseseratu pamakwana kujambulapo ndi kamtengo.

Tsiku lina mungamupemphe kuti ajambule zimene ankakonda kuchita ndi malemuwo, kaya kupita kudimba kapena kukazinga chimanga, kenaka ajambulenso anthu amene akumusamala lero. Zithunzizo musakolezere moto kapena kukulungira usipa. Zisungeni m'jumbo, ndipo mwanayo azisankha yekha woti amuonetse.

Mwana akapitirira miyezi ingapo asakudya bwino, asakugona, kapena akajambula zosonyeza kuti wina akumuchita nkhanza, musazengereze kupita naye kuchipatala kapena kwa alangizi oteteza ana a ku ofesi yosamalira anthu. Mungathenso kuimba kwaulere pa nambala ya foni yothandiza ana ya 116. Alezi akonza mikeka ndi makatoni kuseri kwa kalasiku, choncho amene mwabwera ndi ana, tiyeni tipite tikayesere limodzi.