Kodi nkhope yokongola imapindulitsa mwini wake?

Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Sunthirani pafupi, chifukwa nkhaniyi ikukhudza kwambiri inuyo.

Mwandifunsa ngati munthu wooneka bwino amakhala ndi mwayi woposa anzake pa chibwenzi ndi pa ntchito. Ndikudziwa kuti ambiri mukufuna ndinene kuti ayi, chofunika ndi mtima. Koma ndikatero ndikhala ndakunamizani. Zoona zake n'zakuti inde, maonekedwe amapindulitsa. Chofunika tsopano ndi kuona kuti phindulo limachokera kuti, ndipo limathera pati.

Tiyambe ndi chibwenzi. Pa kafukufuku amene adatuluka m'chaka cha 1966, pa yunivesite ya Minnesota ku America, katswiri wina dzina lake Elaine Walster ndi anzake adakonza dansi ya ophunzira oposa 700. Adawauza kuti kompyuta idzasankhira aliyense mnzake womuyenera, pamene kwenikweni adangowaphatikiza mwachisawawa. Anali atayeza kale nzeru ndi khalidwe la aliyense. Atawafunsa ngati angakonde kudzaonananso ndi mnzawo uja, zidapezeka kuti nzeru kapena khalidwe sizidathandize kanthu. Chimene chidagwira mtima chinali maonekedwe basi, kwa anyamata ndi atsikana omwe.

Musafulumire kutaya mtima. Anthuwa adangoonana usiku umodzi. Kafukufuku wina wa 2015 adaunika maanja ndi zibwenzi 167. Amene adagwa m'chikondi atangokumana ankakhala ofanana kukongola, wokongola ndi wokongola mnzake. Koma amene adayamba adziwana kwa miyezi yambiri, kapena adayamba ndi ubwenzi wamba, kufanana kumeneku kunkachepa kwambiri. Munthu ukamuona m'mene amasekera, m'mene amachitira akakwiya, m'mene amakusamalira ukadwala, maso ako amayamba kumuona mwina. Ndiye inu amene mumasankha bwenzi pa foni, chala chili pa chithunzi, dziwani kuti mwalowa pabwalo pamene nkhope imalamulira yokha.

Ku ntchito ndiye kumandipweteka mtima, chifukwa kumeneko nkhani ndi ya ndalama zodyetsera ana. M'chaka cha 1994, akatswiri a zachuma awiri, Daniel Hamermesh ndi Jeff Biddle, adaunika malipiro a anthu ku America ndi ku Canada. Adapeza kuti ooneka bwino ankalandira pafupifupi 5 peresenti kuposa anthu apakatikati, pamene oonedwa ngati osakongola ankalandira zochepa ndi 5 mpaka 10 peresenti. Abambo, musaganize kuti izi ndi za amayi okha, chifukwa kwa amuna kusiyanaku kunali kokulirapo pang'ono.

Kodi ndiye kuti okongola amagwira bwino ntchito? Akatswiri a zachuma Markus Mobius ndi Tanya Rosenblat adayesa zimenezi ku Argentina, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2006. Adapatsa anthu ntchito ya pa kompyuta yopeza njira yotulukira m'mizere yokhotakhota, ntchito imene nkhope siingathandize m'pang'ono pomwe. Okongola sadapose anzawo. Komabe olemba ntchito ankawayembekezera kuchita bwino, n'kuwalonjeza malipiro okwera. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale pamene ankangolankhulana pa foni, osaonana, okongola aja ankapezabe mwayi. Chifukwa chake n'chakuti ankadzidalira komanso anali ndi luso lolankhula.

Apa tiimepo pang'ono, amayi ndi abambo. Kudzidalira kumeneku sikuchokera m'mimba. Ganizirani ana awiri pakhomo. Mlendo akabwera amanyamula mmodzi, kumumwetulira, kumufunsa dzina. Winayo waima pakhomo, chala m'kamwa, palibe womuyang'ana. Zikachitika chonchi zaka 15, woyamba uja akalowa m'chipinda cha mafunso a ntchito amakhala pampando molunjika, kuyang'ana abwana m'maso. Winayo amayankha maso ali pansi, mawu osamveka, chonsecho yankho akulidziwa. Adamufooketsa ndife, ndi mayina achipongwe amene tinkamuitanira ngati nthabwala.

Vuto lili m'maso mwa oonafe. Kale mu 1920, katswiri wa kaganizidwe ka anthu Edward Thorndike adaona kuti munthu akakhala ndi chinthu chimodzi chotisangalatsa, timamuganizira zabwino zina zonse tisanazione. Tikaona nkhope yosalala, mtima wagamula kale kuti uyu ndi wanzeru, waulemu, wokhulupirika. Ena poona izi amathamangira kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu umatichenjeza bwino, koma tisausandutse ndodo yokwapulira okongola, chifukwa nawonso amalakwiridwa. Ku Israel ofufuza adatumiza makalata ofunsira ntchito oposa 5,000, ena okhala ndi chithunzi, ena opanda. Amuna ooneka bwino adaitanidwa kwambiri, koma akazi okongola adaitanidwa mochepa poyerekeza ndi amene sadaike chithunzi. Ndipo ndi angati amene akakwezedwa pa ntchito timayamba kunong'onezana kuti tikudziwa m'mene waupezera udindowo? Kumeneko ndi kumubera munthu thukuta lake.

Achinyamata, kusamba, kuchapa zovala, kupesa tsitsi ndi kuyang'ana munthu m'maso polankhula, zonsezi zili m'manja mwanu, ndipo zimasintha kwambiri m'mene anthu amakuonerani. Koma ndikupempheni, musakhudze mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa mafutawa amakhala ndi mankhwala oopsa otchedwa mercury, ndipo bungwe la World Health Organization lidachenjeza kuti amawononga impso ndi mitsempha.

Inu amene mumalemba anthu ntchito, kapena mumakhala m'makomiti osankha anthu, pali zimene mungayambe mawa lomwe. Musapemphe chithunzi pa kalata yofunsira ntchito ngati palibe chifukwa chenicheni. Konzeranitu mafunso, ndipo aliyense afunsidwe omwewo. Aliyense wa inu alembe malikisi ake payekha musanayambe kukambirana, kuti mawu a mmodzi asakoke onse. Ngati ndi ntchito ya manja, mupatseni munthuyo chida agwire mukuona. Wina mwa inu akanena kuti uyu wangondisangalatsa, mufunseni kuti wakusangalatsani ndi yankho liti.