Mwana Akayamba Kupita kwa Mlangizi, M'chipinda Muja Mumachitika Chiyani?

[Wolankhula akuyang'ana kamera]

Muli bwanji nonse, a ku Matero, ku Kalingalinga, ku Chawama ndi kwina kulikonse kumene mukutionera. Lero tikambe ndi makolo amene aphunzitsi kapena anamwino awauza kuti, "Mwanayu mupite naye kwa mlangizi." Kuno ku Lusaka, munthu akangomva zimenezi maganizo amathamangira ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, mtima n'kuyamba kugunda: ndiye kuti mwana wanga wapenga? Ayi ndithu. Ana ambiri opita ku uphungu ndi ana amene mumawaona tsiku ndi tsiku akupita kusukulu, koma pali chimene chawalemera: maliro, kutha kwa banja, kuchitidwa nkhanza, mantha osatha.

Tsiku loyamba amene mudzalankhule kwambiri ndi inuyo, osati mwana. Mlangizi adzafunsa za mimba, za kubadwa, anayamba liti kuyenda ndi kulankhula, amagona bwanji, panyumba mumakhala ndi ndani. Tengani khadi la kusikelo ngati likadalipo, ndi lipoti la kusukulu. Mafunso ena ndi olasa: kodi panyumba pamachitika ndewu? Alipo amene amamwa kwambiri? Si mlandu ayi, musakwiye. Mukabisa, mlangizi adzataya masabata akufufuza chinthu chimene mukanamuuza m'mphindi imodzi.

Kenako mwana amayamba kulowa yekha, kawirikawiri kamodzi pa sabata, kwa mphindi 45 kapena ola limodzi. Ngati ndi wamng'ono, mudzamupeza akujambula kapena akusewera ndi zidole. Apa makolo ambiri amadandaula: ndalipira minibasi ziwiri kuti akajambule nyumba? Koma mwana wa zaka 6 alibe mawu oti "ndikuopa kuti amayi nawonso amwalira." Chimene angathe ndi kugoneka chidole, kuchifunditsa nsalu, n'kunena kuti sichidzukanso. Mlangizi wophunzira amayambira pamenepo. Wachinyamata naye akhoza kukhala chete maulendo angapo oyamba, akuyesa kaye ngati munthu wamkuluyu ndi wokhulupirika.

[Pa sikirini: CHINSINSI]

Tsopano nkhani imene imavuta makolo athu kuposa zonse. Mlangizi sadzakuuzani zonse zimene mwana wanena. Ndikudziwa, zimawawa. Ndinu munabala, ndinu mukulipira, ndiye munthu wachilendo adziwe za mwana wanu zimene inu simukudziwa? Koma taganizani: mtsikana wa giredi 9 akadziwa kuti zimene wanena masana zifika kwa atate ake madzulo, sadzatsegulanso pakamwa. Chimene muyenera kuuzidwa ndi mmene ntchito ikuyendera, zimene akuyesa kukonza, ndi zimene mungachite kunyumba. Chinsinsicho chilinso ndi malire. Mwana akanena kuti akufuna kudzipha, akufuna kuvulaza wina, kapena pali munthu amene akumuchita nkhanza, mlangizi sangakhale nazo chete. Pa nkhani za kugwiriridwa, zimafika ku Victim Support Unit ya apolisi ndi kuchipatala, monga ku One Stop Centre ya pachipatala chachikulu cha UTH, ngakhale wochitayo atakhala wachibale. Funsani za malire amenewa tsiku loyamba lomwe, mwana akumva.

Ndipo chonde, pobwerera musamupanikize m'basi ndi "wamuuza chiyani?" Mufunseni ngati ali ndi njala, basi.

Chinanso chimene chimadabwitsa: nthawi zina zinthu zimayamba zaipa zisanakhale bwino. Mwana amene wayamba kukamba za imfa ya amayi ake akhoza kubwereranso kukodza pogona, kulota zoopsa, kapena kukwiya msanga. Zili ngati kutsuka chilonda, pomwe mukutsukapo ndi pomwe pamanyerenyetsa. Apa m'pamene mabanja ambiri amasiyira, amati mlangizi wamuonongeratu. Musasiye mwakachetechete, muuzeni mlangizi zimene mwaona kuti achepetse liwiro.

Zimatenga nthawi yotani? Zimasiyana, koma njira imodzi yothandizira ana amene aona zoopsa, yotchedwa TF-CBT, nthawi zambiri imatenga miyezi itatu kapena inayi. Njirayi inayesedwa mu Lusaka momwe muno, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2015: alangizi anali anthu wamba amene anaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa, ndipo ana amene anaitsatira anapeza bwino kwambiri kuposa anzawo amene analandira thandizo la masiku onse. M'njira imeneyi kholo kapena womulera amakhala ndi nthawi yakeyake ndi mlangizi. Ndiye ngati mwana akuleredwa ndi ambuye ake kapena azakhali, amenewo ndi amene apite, osati amene anangolembedwa papepala.

Inunso mudzapatsidwa ntchito. Mwina nthawi yogona ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, mwina kumuyamikira akachita bwino, ndipo ndithu za chikwapu zidzakambidwa. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, linaletsa kulanga mwana pomumenya. Ine ndimaona kuti apa m'pamene pamaonekera ngati uphungu uyenda, chifukwa mlangizi amakhala ndi mwana ola limodzi, masiku ena onse ali ndi inu. Za mapemphero, pitirizani. Abusa ndi mlangizi sapikisana.

Za mankhwala: mlangizi salemba mankhwala. Akaona kuti akufunika, adzakutumizani kwa dokotala wa matenda a maganizo, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti ndi a chiyani, amwa mpaka liti. Mlangiziyonso mufunseni kuti anaphunzira kuti, ndipo anagwirapo ntchito ndi ana a msinkhu umenewu.

[Pa sikirini: 116]

Ngati simukudziwa poyambira, yambani pa kiliniki ya kwanu kapena kwa mphunzitsi wa uphungu kusukulu ya mwanayo. Nambala ya foni ya Childline, yothandizira ana, ndi 116, ndi yaulere, ndipo mwana akhoza kuimba yekha.