Wigi ya chidole yopangidwa ndi ulusi: n'chifukwa chiyani yanu imatukumuka ngati chisoti?

[Patebulo pali zidole ziwiri, chilichonse chavala wigi.]

Moni nonse. Tayang'anani zidole ziwirizi. Mawigi onsewa ndinapanga ndekha, ulusi wake ndi umodzi, guluu ndi yemweyo. Koma cha kumanzerechi chikuoneka ngati chavala chisoti cha panjinga yamoto, pomwe chinzakechi tsitsi lachita kugona ngati lomera. Yoyambayi ndinaipanga ndili ndi mantha kuti pena paoneka dazi, ndiye ndinkangowonjezera tsitsi, kuwonjezera, mpaka mutu kukula kuposa mapewa.

Vuto lagona apa. Chidole ngati Barbie, chomwe kampani ya Mattel inayamba kugulitsa mu 1959, n'chachitali pafupifupi masentimita 29, kutanthauza kuti munthu weniweni anamuchepetsa ka 6. Koma nsalu yanu, guluu wanu ndi ulusi wanu palibe anazichepetsa. Mukaunjika mamilimita 2 okha pamutu wa chidolechi, zili ngati munthu wasenza chinthu chokhuthala kuposa sentimita imodzi. Ndiye chilichonse chomwe tichite lero, tizidzifunsa kuti kodi sichingapyapyale kuposa apa.

[Kamera iyandikira mutu wa chidole chopanda tsitsi.]

Mutu ukhale wosalala kaye. Ngati chidole chanu chili ndi tsitsi lakale lobzala, limeteni ndi sizasi mpaka pakhungu, viikani mutu m'madzi otentha kuti ufewe, muuzule pakhosi mosamala, kenako zitsa za tsitsi muzikokere m'kati ndi kapulayala.

Tsopano kachipewa, komwe tsitsi lonse lidzamatidwe. Kutirani mutu wonse ndi pepala la pulasitiki lopyapyala lija lokutira zakudya, nkhope ndi thupi lomwe, kuti guluu asakhudze utoto wa maso. Pamwamba pake yalani nsalu yotamuka. Sitonkeni yaakazi yakutha imachita bwino kwambiri chifukwa ndi yopyapyala. Tisheti yakale imathekanso pa zidole zamitu ikuluikulu. Ikokeni mpaka makwinya onse atsikire pansi pa makutu, muimange ndi kamphira kudutsa pachipumi, pansi pa makutu, mpaka kunkhongo.

Nsaluyi ikhale yoyera kapena yofanana ndi khungu la chidole. Ine tsiku lina ndinatenga tisheti yakuda poganiza kuti ibisa mipata ya tsitsi lakuda. Mipata inabisikadi, koma patapita miyezi ingapo nditavula wigi ndinapeza mutu wathimbirira, ndipo sopo sanathandize. Pulasitiki yofewa ya mitu ya zidole imamwa utoto wa nsalu. Ngati mukufuna kachipewa kakuda, pakani penti kunja kokha kakauma, m'kati musiye moyera.

Pakani guluu woyera uja wa mapepala ndi matabwa, wotchedwa PVA. Pakani pang'ono ndi chala kuti alowe m'nsalu, muusiye aume mpaka aoneke mbee ngati galasi, mupakenso. Katatu n'kokwanira. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuthira wambiri kamodzi n'kuthana nazo, koma guluu wokhuthala amauma kunja m'kati muli phala, ndipo kachipewa kamapindika mukangokavula. Kagone usiku wonse. M'mawa jambulani ndi pensulo malire a tsitsi: pachipumi, kuzungulira makutu, kunkhongo. Lembaninso pomwe padzadutse mzere wogawa tsitsi, ena amati seda, ndi kachizindikiro m'kati kosonyeza kutsogolo. Vulani, dulani motsata pensulo, mukabwezere pamutu wokutidwa ndi pulasitiki yatsopano.

[Manja akukulunga ulusi pakatoni.]

Ulusi wake ndi wolukira majuzi, wa acrylic. Onani papepala la mpukutuwo. Wa thonje supesuka, musataye nawo nthawi. Kulungani pakatoni, dulani mbali imodzi kuti tizingwe tonse tifanane kutalika, ndiye mutenge tinayi kapena tisanu mutipinde pakati n'kutimanga pa chitsulo cha hang'ala. Pesani ndi burashi ya timawaya ting'onoting'ono, yonga yopesera ubweya wa galu, kuyambira kunsonga kukwera pang'onopang'ono.

Apa musadabwe. Ubweya wambiri utsalira m'burashi, mwina theka lonse. Simunalakwitse. Ulusi woterewu amaupota kuchokera ku timaubweya tatifupitifupi, ndiye mukamapesa, kalikonse komwe sikanagwidwe ndi mfundo kamasololoka. N'chifukwa chake ngakhale mudule zingwe zazitali ngati mkono, tsitsi lotsala silipitirira kwenikweni masentimita 10 kapena 12. Kwa chidole chaching'ono limeneli lafika kale kumsana. Mukafuna lalitali kuposa apo, tengani tsitsi lolukira la kanekalon, lomwe limapangidwa ndi kampani ya Kaneka ya ku Japan, kapena mohair, ubweya wa mbuzi za mtundu wa Angora. Koma kwa woyamba ndimakonda ulusi. Ndi wofewa, umagona msanga, ndipo ukaonongeka mtima supweteka. Za m'burashizo musataye, n'zabwino kufutukulira timapilo ta chidole.

Mukapesa, liwongoleni ndi chowongolera tsitsi cha magetsi, moto wake wotsikitsitsa. Acrylic ndi mtundu wa pulasitiki, amasungunuka. Yesani kaye pa kachidutswa. Mukamva kununkha, kapena tsitsi lauma gwaa ngati udzu, moto wachuluka. Dutsitsani mofulumira kawiri katatu, muona likuyamba kunyezimira.

Ofuna tsitsi lopotana, lachiafirika, asapese mpaka kumapeto, komanso asawongole. Ingomasulani tizingwe timene tapotedwa pamodzi kupanga ulusiwo. Kalikonse kamatuluka kale kokhotakhota, ndipo mukakafutukula ndi zala kamadzaza mutu mokongola. Pa wigi yotereyi kutukumuka n'kumene tikufuna, komabe kuchokere ku tsitsi lenilenilo, pansi pakhale popyapyala.

[Pepala la pulasitiki lokhuthala layalidwa patebulo.]

Tsopano timizere ta tsitsi, tomwe opanga mawigi amati weft. Dulani tsitsi pamfundo paja, muliyale papulasitiki yosalala, mulimwaze mpaka muzitha kuona tebulo kudzera m'tsitsimo. Inde, lopyapyala choncho. Pakani guluu kumutu kwake, kampata kosaposa theka la sentimita, mukanikize ndi burashi yaing'ono kuti ubweya uliwonse unyowe. Akauma, matulani, dulani m'mphepete mowongoka, musiye guluu wa mamilimita awiri kapena atatu basi. Guluu aliyense wotsala pamenepa adzasanduka chitunda pamutu.

Kumata kumayambira kunkhongo kukwera ku liwombo, monga amafolera denga: wapamwamba aphimbe mutu wa wapansi. Mzere woyamba ugone m'mphepete mwenimweni mwa kachipewa. Wachiwiri musauyandikize. Pa mutu waung'ono siyani pafupifupi theka la sentimita pakati pa mzere ndi mzere. Muona nsalu ikusuzumira pakati, dzanja liyamba kuyabwa kuti mutsekepo. Lekani. Tsitsi lochokera pamwamba lidzagwera pompo. Wigi ya chisoti ija inafera pamenepa.

Pamalo pokhota, monga pamwamba pa khutu, dulani timizereto tifupitifupi, chifukwa wautali sukhota, umatukuka. Ndipo musanamate kalikonse, kaikeni kaye pouma muone komwe tsitsi likuloza. Tsitsi la munthu pachipumi siligwera kumene limagwera la kunkhongo.

[Kamera ili pamwamba penipeni pa mutu.]

Tafika pomwe maso a aliyense amayambira kuyang'ana, pamzere wogawa tsitsi. Mukamata mwachizolowezi, guluu wa timizere tomaliza aonekera, palibenso china chomuphimba. Ndiye timachita motembenuza. Tengani kamzere kabwino kuposa tonse, ka tsitsi lomwe lidzagwere kumanja. Kamateni m'mbali mwa mzere wa pensulo cha kumanja komweko, koma tsitsi lake litaloza kumanzere. Kaume ndithu, osati kungogwira. Kenako pindani tsitsilo libwerere kumanja, liphimbe guluu wake womwe. Chitani chimodzimodzi mbali inayo, mapindiro awiriwo agundane popanda mpata. Penapake ndimathandizira ndi singano kukankhira ubweya wosochera kwawo.

Likangopindidwa limaima njoo ngati lakwiya. Tenthetsani supuni yachitsulo pa chowongolera chija, muisindikize pamzerepo masekondi ochepa, musunthe, musindikizenso. Acrylic akatenthedwa n'kuzizira amasunga mmene mwamugonekera. Kenako kutirani mutu wonse ndi pulasitiki, mumange, ugone choncho mpaka mawa.

Madzi ayi. PVA akanyowa amafewa n'kuyeranso, timizere n'kuyamba kusololoka. Mumva anthu akunena zoviika tsitsi la chidole m'madzi otentha kuti ligone; zimenezo n'za tsitsi lobzala m'mutu kapena wigi yosoka. Yathu yomatayi, burashi ya mano yonyowa pang'ono pokha ndi yokwanira kugoneka timaubweya touluka.

Podula, sizasi iloze m'mwamba, muzidompha nsonga pang'onopang'ono, wigi ili pamutu pa chidole. Mukadula mopingasa kamodzi, tsitsi limaoneka ngati tsache. Ndipo siyani lalitaliko kuposa mmene mukufunira, mubwererenso mawa ndi maso atsopano.

[Wowonetsa avula wigi, achotsa pulasitiki, aibwezera pamutu, atembenuza chidole chadodolido. Wigi igwa.]

Eya, zimachitika. Tachotsa pulasitiki ija, ndiye kachipewa kakhwepa pang'ono. Musaimatire kumutu, mudzafuna kusintha tsiku lina. Donthezani timadontho titatu ta guluu wamoto, uja wosungunula ndi kamfuti ka magetsi, m'kati mwa kachipewa, kamodzi kutsogolo, tiwiri m'mbali, ndipo tizizire kaye tisanakhudze chidole. Tikauma timakhala ngati mphira, timagwira mutu osaumata.

[Abwezera wigi, atembenuzanso chidole. Wigi ikhala.]

Ndi imeneyo. Timizere ta pa wigi iyi ndi theka la tomwe ndinaunjika pa ya chisoti ija, ndipo tayang'anani kunkhongoku, dazi silikuoneka paliponse.