Duwa la mawanga a kambuku pa migwalangwa yathu

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo.

Mukamayenda m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, muzikwezako maso pa migwalangwa ndi mitengo ina ikuluikulu. Pena mudzaona chitsamba chitakhazikika pamphanda, mapesi ake onenepa ngati mzimbe, timizu toyera titaloza kumwamba. Timizu timeneti timakola masamba ogwa, masambawo akawola chimadya pomwepo. Mtengowo sichiuyamwa ayi, chimangokhalapo. Chikachita maluwa m'chilimwe, amakhala achikasu, a mawanga ofiirira, n'chifukwa chake ena amati duwa la kambuku.

Akatswiri a zomera amachitcha Ansellia africana. Mayina awiriwa muwamvetse. Loyambalo ndi la fuko, lachiwiri ndi la mtundu wake weniweni. Pamwamba pa fuko pali banja lalikulu lotchedwa Orchidaceae, la mitundu pafupifupi 28,000 padziko lonse, ndipo ku Malawi kuno ilipo yoposa 400. Chinaka chomwe amakumba ku mapiri a Nyika ndi cha banja lomweli. Vanila wa m'makeke nayenso.

Dzina la Ansellia analipereka ndi John Lindley, katswiri wa zomera wa ku England, mu 1844, polemekeza John Ansell yemwe anachipeza pa chilumba cha Fernando Po, chomwe lero ndi Bioko, ku Equatorial Guinea. Tsono apa mpamene pali nkhani. Ena atapeza maluwa a mawanga ochepa, ena a mawanga othithikana, ena akuluakulu, anayamba kutchula mayina atsopano, Ansellia gigantea, Ansellia nilotica, poganiza kuti ndi mitundu yosiyana. Atafananitsa bwino zochokera m'maiko ambiri a mu Africa, anaona kuti kusiyanako kulibe malire enieni. Lero fuko lonseli amaliwerenga kuti lili ndi mtundu umodzi wokha. Abale ake apafupi ndi a fuko la Eulophia, omwe ambiri amamera pansi.

Mtundu umodzi, abale anga. Ukatha umenewo, fuko lonse lapita. Bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linauika kale m'gulu la zomera zomwe zili pachiopsezo, chifukwa anthu amazula n'kukagulitsa, ena amadula mitengo yomwe chimakhalapo. Njere zake ndi fumbi lenileni, sizimera popanda kankhungu kena kozithandiza, ndipo pamapita zaka chisanachite maluwa. Munthu amachigwetsa ndi chikwanje tsiku limodzi, ine zimandiwawa.

Amene mukudziwa mtengo womwe chilipo, mundiuze tikatha pano. Ndikufuna tikachione limodzi ndi ana asukuluwa, aliyense awerenge mawanga a duwa lake.